Azakhali Kuseri, Pulinta Kumaso

"Nenani poyera, bambo a mwana, musazungulire. Mukufuna alamu achoke pakhomo pano?"

"Ndani watchula zochoka? Makutu akowo amamva zawozawo."

"Nanga mukuti chiyani?"

"Ndikuti bizinesi ikufa, iwe uli pompo ukuona. Anthu aja anabwera akusekerera kudzasindikiza makadi a ukwati. Anatuluka bwanji? Mkwatibwi atatseka pakamwa ndi mpango, mwamuna akumukoka dzanja. Mpaka lero sanapondenso pano. Akafotokozera anzawo, anzawowo afotokozeranso ena."

"Ndiye alamu anachita kufuna? Anadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikagwe pamaso pa akwati?"

"Sindinanene kuti anafuna."

"Khunyu si chimfine, sapatsirana. Adokotala anatiuza tonse, inu muli pomwepo mukugwedeza mutu."

"Ine ndikudziwa. Koma kasitomala sanapite kwa adokotala. Kasitomala akangoona thovu kukamwa, basi wathawa."

Mayi anatsitsa mawu, poti khoma la khitchini linali lopyapyala, ndipo kuseri kwake zala za alamu awo zinkamveka zikugogoda kompyuta.

"Amene mukuchita nawo manyaziwo ndi mchemwali wanu wa bere limodzi. Pakhomo pano timadyera zala zawozo."

"Zalazo zizigwirabe ntchito, sindikukana. Koma ndi lamulo kuti zizigwirira pamaso pa anthu?"

"Muwasunthira kuti? Chingwe cha pulinta mukuchidziwa kufupika kwake. Kumene kwapita alamu, pulinta ipitanso komweko, ndipo inu muzithamanga ndi mapepala nyumba yonseyi ngati wosochera."

"Injiniya akubwera mawa," anatero bambo, akutsegula chitseko. "Za zingwe adziwa ndi iyeyo."

Shopuyo inali chipinda cha kumaso cha nyumba yawo yomweyo, chimene anachiboola khomo loyang'ana kumsewu. Munali benchi ya makasitomala, makina a fotokope, chodulira mapepala, ndi tebulo la Azakhali pafupi ndi zenera. Azakhali, mchemwali wamkulu wa bambo, ndiwo ankatayipa chilichonse: mayeso a sukulu, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro. Pulinta inkakhala pambali pawo penipeni chifukwa chingwe chake cha USB chinali chongokwana mkono umodzi. Zaka zonsezo chingwe chimenechi ndicho chinkawasunga pamaso pa anthu, ngakhale kuti palibe amene anachiganizirapo choncho.

Pakhomopo panalinso kachitidwe kake. Mayi akakhala kukhitchini, khutu limodzi linkakhala pa zala zija. Zikamagogoda, zonse zili bwino. Zikangoti zii pakati pa ntchito, mayi ankasiya chilichonse, ngakhale mafuta ali pamoto, n'kuthamanga. Kawirikawiri ankafika Azakhali asanagunde pansi, n'kuwagoneka chammbali, kuwatsamiritsa mutu pa chovala, kudikira kuti zidutse. Sikuti ankagwa tsiku ndi tsiku ayi. Mwezi unkatha osagwa, poti mankhwala ankamwa mokhulupirika. Kungoti tsiku la akwati lija mayi anali kumsika.

Injiniya anali mwana wawo yekhayo, mtsikana amene ankaphunzira za makompyuta kukoleji. Dzinalo anamupatsa ndi Azakhali ali kamwana, tsiku limene anamasula wailesi n'kulephera kuibwezera. Atafika kutchuthi, bambo ake sanadikire n'komwe kuti atsitse chakudya pakhosi.

"Mwanawe, ife kuno tatsalira. Pulinta ndi imodzi, anthu ndife awiri. Ine ndikafuna kusindikiza kanthu pa laputopu yanga, mpaka ndiwadzutse azakhali ako, tizule chingwe, tibwezere chingwe. Sukulu yonse ukuphunzirayi, palibe njira?"

"Ilipo, bambo. Pali kabokosi kena kake. Chingwe cha pulinta mumachilowetsa m'kabokosimo, ndipo kabokosiko kamalankhula ndi wayifayi ya pakhomo. Aliyense amene ali pa wayifayi atha kusindikiza, osagwira chingwe."

"Ngakhale ali patali?"

"Bola wayifayi ifike."

Bambo anamwetulira mpaka mano a m'mbali. Mayi anadzuka patebulo chakudya chili pakati n'kulowa kukhitchini. Injiniya anaona ndithu. Koma kunena zoona, mwana amene kwa nthawi yoyamba bambo ake akumufunsa nzeru saona zonse zimene maso ake aona.

Kabokosiko anakagula Loweruka, kakang'ono ngati sopo wosambira, kokhala ndi kanyanga ndi kanyali kamodzi. Atatseka shopu masana, Injiniya anapinda manja a malaya. Anazula chingwe kukompyuta ya Azakhali n'kuchilowetsa m'kabokosi, nakalumikiza kumagetsi. Kanyali kanayamba kuphethira kofiira.

"Kakwiya," anatero Azakhali, atatsitsira magalasi pamphuno. "Sikanatipatse n'komwe moni, kayamba kale kutitsinzinira."

"Kakufunafuna wayifayi, azakhali. Tandiwerengereni manambala ali kunsi kwakeko, ine maso anga atopa."

"Iwe wa maso a dzana ukudalira ine wa magalasi? Sukulu yake iti imeneyi?"

Anawerenga ndithu, akuseka. Injiniya analowa m'kabokosimo kudzera pa foni yake, nakauza dzina la wayifayi ya pakhomo ndi pasiwedi yake. Kanakana. Analembanso, kanakananso. Kunapezeka kuti bambo anasintha pasiwedi poopa aneba amene ankangodya netiweki yaulere, n'kuiwala imene anaika. Anayesa dzina la shopu, anayesa nambala ya galimoto imene anagulitsa kalekale, mpaka anakumbukira kuti linali tsiku lobadwa la Injiniya yemweyo. Kanyali kanaphethira, kanaphethira, kenako kanakhazikika kobiriwira. Koma kompyuta nayo inayamba matama, sinkaiona pulinta, mpaka Injiniya anaikanso pulogalamu ya pulintayo mwatsopano. Dzuwa linapendeka iwo akulimbana nazo.

"Tsopano mvetserani," anatero pomaliza, thukuta lili pamphumi. "Kabokosika ndakapatsa nambala yakeyake, ngati nambala ya nyumba, ndipo ndaikhomerera. Magetsi athime, muzule, mubwezere, sikaiwala. Chinanso, mukatumiza ntchito zambiri nthawi imodzi, zimaima pamzere. Pulinta imazitulutsa imodziimodzi yokha, ngakhale inu mutachokapo n'kupita kukamwa tiyi."

"Ndiye kaposa bambo ako, amene amaiwala tsiku lobadwa la mwana wawo," anatero Azakhali. Anatayipa mzere umodzi n'kutumiza. Pulinta inatsokomola, n'kutulutsa pepala lolembedwa kuti, Injiniya wathu wakhoza. Mtsikanayo analipinda n'kuliika m'thumba, akumwetulira.

"Tiyese kutalika kwake," anatero bambo, atanyamula laputopu.

Anayesa pabalaza, inatuluka. Anayesa pakolido, inatuluka. Kenako bambo anatsegula kachipinda ka kumapeto kwa nyumba, kosungiramo mapepala ndi inki, kokhala ndi kazenera kamodzi ka zitsulo m'mwamba.

"Tayesa muno."

"Mosungira katundu? Ndani angasindikizire muno?"

"Tangoyesa."

Anatumiza. Kutali kumaso kuja pulinta inalira. Bambo anaomba m'manja. Mayi anali ataima pakhomo la khitchini atapinda manja. Azakhali anayang'ana mchimwene wawo, anayang'ana kachipindako, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi kwa nthawi yaitali.

"Kafika," anatero.

Lolemba m'mawa tebulo la Azakhali linali litasamuka kale. Bambo anafotokoza zambirimbiri zimene palibe anawafunsa. Kumaso kuli fumbi la mumsewu, kuli phokoso, makasitomala amasokoneza munthu ndi nkhani zopanda mutu. Kuseri kuli phee, munthu amatayipa ndi mtima umodzi. Azakhali ankangoti, "Chabwino, achimwene," akukonza mpando pakati pa makatoni.

Mayi ndiwo sanapirire.

"Kuchokera kukhitchini sindikumva zala zawo. Pali zipupa ziwiri ndi chitseko. Akagwa ndidziwa bwanji?"

"Mvera pulinta," anatero bambo. "Ili kuseri kwa khoma lako lomwelo. Ikamalira ndiye kuti achemwali akutumiza ntchito, ndipo wotumiza ntchito ali bwino. Ikakhala chete nthawi yaitali, kaone. Chavuta n'chiyani pamenepa? Si choncho, Injiniya?"

Injiniya ankadziwa kuti si choncho. Ananena yekha ndi pakamwa pake za ntchito zoima pamzere. Koma bambo ake ankamuyang'ana ndi maso onyadira aja, ndipo kutsutsa kukanakhala kuvomereza kuti ntchito yake yokongola ija inali ya chiyani. Anawerama n'kuyamba kukonza mapepala amene anali okonza kale.

"Zikhala bwino, amayi," anatero.

Ndipo kumaso zinthu zinaoneka ngati zayendadi. Kasitomala ankapereka zolemba zake kwa bambo, bambo n'kulowa nazo m'kati, posakhalitsa mapepala n'kumatuluka okha pa pulinta yopanda munthu. Anthu ankazizwa. Bambo ankatukumuka, akuloza kabokosi ngati anakapanga okha. "Zamakono izi. Mwana wanga ameneyo." Pamalo pamene panali tebulo la Azakhali anaikapo duwa la pulasitiki.

Amene sanazizwe anali ahedi a sukulu ya pulayimale ya chapafupi, mayi wamkulu amene ankasindikiza mayeso ake pamenepo chiyambire shopuyo.

"Kodi amayi anga aja ali kuti? Ndinazolowera kuti ndikabwera timakangana za kalembedwe ka aphunzitsi anga."

"Anapita kwa abale kukapumako," anatero bambo, osaphethira n'komwe.

"Nanga akutayipa ndani?"

"Tili ndi anthu athu kuseriku."

Injiniya anali pa makina a fotokope. Anamva zonse. Madzulo ake anatenga tiyi n'kupita kukachipinda kaja. Munkanunkha inki ndi makatoni, ndipo babu linkayaka masanasana.

"Lowa, Injiniya, koma ugogode kaye. Ino ndi ofesi. Mlembi wanga ndi mbewa, wangotuluka kumene."

"Azakhali, muli bwino muno?"

"Ndili ngati bwana. Palibe wondifunsa mtengo wa fotokope." Anapsontha tiyi. "Ndamva kuti ndinapita kwa abale. Abale ake ati, sanatchule? Ndikufuna ndidziwe ngati akundisamala bwino."

"Munamva?"

"Kolidoyi imanyamula mawu kuposa kabokosi kako. Mawu a ahedi ndimawadziwa. Ndinatsala pang'ono kuyankha, koma ndinakumbukira kuti kulibe."

"Ndiwauza bambo kuti akubwezeni kumaso."

"Usawavute bambo ako. Ali ndi zowalemera zawo. Ine ndinawabereka kumsana amenewo, ndikuwadziwa. Ali mwana, ndikagwa pamsewu wa kusukulu, anzawo ankawaseka. Iwo ankaima poteropo akulira, osadziwa kuti athawe kapena andigwire. Mpaka lero adakali chiimire pomwepo." Anaika kapu pansi. "Tandiuza, kabokosi kakoka, kulibe ena amphamvu kuposa pamenepa? Ofika kutali kwenikweni?"

"Alipo. Bwanji?"

"Ndimangofunsa."

Injiniya anatuluka ndi kapu. Anatsimikiza mumtima kuti mawa alankhula ndi bambo ake. Mawalo linafika shopu itadzaza, ndipo linzake lija bambo anamutamanda pamaso pa kasitomala wina, basi nkhaniyo inangozizira. Manyazi ali ndi khalidwe loipa, amakuuza kuti dikira kaye upeze nthawi yabwino.

Sabata ya mayeso inafika. Ahedi anabweretsa mapepala a makalasi onse, ndipo tsiku lotenga anabwera masana n'kukhala pabenchi kudikira. Bambo anapita kuseri n'kukatseka chitseko cha kachipinda kaja, poopa kuti ahedi angapemphe kupita kuchimbudzi n'kudutsa pakolido. Kenako anatuma Injiniya kukagula mapepala ena m'tauni.

Pulinta inalira masana onsewo osapuma. Mayi anasuzumira m'shopumo, dzanja lili pachitseko.

"Ndikawaone anthu a kuseri aja?"

"Ukawasokoneza. Sukumva mmene ntchito ikuyendera?"

Mayi anamvetsera. Pulinta inkaliradi. Anabwerera kukhitchini.

Injiniya anafika ndi katoni pamutu, napeza bambo ake ndi ahedi akuseka nkhani ya mwana amene analemba mayeso ndi pensulo ya nsidze ya mayi ake. Anatula katoniyo, natenga pepala lotentha limene linangotuluka kumene. Anali masamu a kalasi yomaliza. Anaunguza mulu umene unali pambali. Makalasi onse analipo, motsatana bwinobwino, popanda mpata, popanda pepala loyesera. Azakhali sankagwira ntchito choncho. Ankatulutsa limodzi kaye, bambo n'kuwapititsira kuti alione, kenako n'kutumiza otsalawo. Izi zinali zotumiza pakamodzi, ngati munthu amene wamva kuti mutu wayamba kumuzungulira ndipo akufuna ntchito ya eni ake isaime.

"Bambo, mwalowako liti kuseri?"

"Nditatseka chitseko muja. Bwanji? Si iyi ikulira?"

"Ikulira yokha. Zili pamzere."

Anathamanga. Anagogoda, zii. Anakankha chitseko, chinangosuntha pang'ono n'kugunda chinthu chofewa. Anaitana mayi ake ndi mawu amene sanawadziwe kuti ndi ake. Anakankha pang'onopang'ono onse awiri mpaka panapezeka mpata woti Injiniya n'kudzipanikiza.

Azakhali anali pansi pakati pa tebulo ndi chitseko, atagona chafufumimba. Pogwa anamenyetsa mphumi pa ngodya ya shelefu yachitsulo. Magazi anali atayenderera pasimenti, ndipo m'mphepete mwake anali atauma kale. Magalasi anali pansi pa mpando, diso limodzi litasweka. Ankapuma, koma mwapansipansi.

Galimoto ya aneba inaima kumsewu, ndipo njira yachidule yotulukira inali ya m'shopu. Bambo ananyamula kumapewa, mayi ndi Injiniya kumiyendo. Anadutsa pa duwa la pulasitiki lija, pulinta ili m'kati motulutsa masamu. Ahedi anaimirira. Anayang'ana wonyamulidwayo, anayang'ana bambo.

"Si munati anapita kwa abale?"

Ahedi sanadikire yankho. Anavula mpango wawo kumutu, naupinda, naukanikiza pabalapo ndi dzanja lawo, thovu ndi magazi zikuwayenderera m'zala, n'kukwera nawo m'galimoto osaitanidwa. Anthu anali atadzaza kale pakhomo, ena a iwo makasitomala amene anauzidwa nkhani ya abale ija. Bambo anatsala pakhonde malaya ali magazi okhaokha, maso ali pansi.

Azakhali anagona m'chipatala masiku angapo. Anawasoka pamphumi, ndipo adokotala anafunsa funso limodzi lokha, loti munthuyu anakhala pansi nthawi yaitali bwanji. Palibe amene ankadziwa.

Kunyumba kunalibe mkangano. Mayi sananene kuti ndinakuuzani, ndipo kusanenako kunawawa kuposa kunena. Bambo anatulutsa okha tebulo m'kachipinda muja, osapempha wowathandiza, naliguza kolido yonse mpaka pazenera la kumaso. Duwa la pulasitiki analitaya kudzala. Simenti anaikolopa okha atagwada, koma banga silinachoke lonse. Injiniya anazula kabokosi, nakakulunga ndi waya wake, nakaponya m'dirowa. Chingwe chachifupi chija anachibwezera kukompyuta.

"Ndinadziwa, bambo," anatero ali chogwada kuseri kwa tebulo. "Tsiku limene munandifunsa pamaso pa amayi. Ndinadziwa kuti pulinta itha kulira popanda munthu."

"Unanena poyamba pomwe, tsiku loika lija," anatero bambo. "Ndinamva. Ndinangosankha zoti ndikumbukire."

Azakhali anabwera Lachisanu masana, bandeji ili pamphumi, mayi atawagwira mkono. Shopu inali yosatsegula. Analowa, naima, nayang'ana tebulo lawo pazenera, mpando utaikidwa khushoni yatsopano.

"Achemwali," anatero bambo, "malo anu ndi awa. Ndinalakwa. Khalani pamene munkakhala."

Azakhali anakhala, koma pabenchi ya makasitomala.

"Makasitomala mwawafunsa?"

"Wosafuna asiye. Wothawa athawe."

"Lero mukutero chifukwa ahedi anakuonani. Ine sindikukwiyirani, achimwene, khalani pansi. Ndikufuna ndikuuzeni chinthu chimodzi, kenako tisadzachitchulenso." Anagwira bandeji ndi nsonga za zala. "Nditagwa muja sindinakomoke nthawi yonse ayi. Ndinatsitsimuka pakati. Ndinamva magazi akulowa m'diso, thupi lonse lili lende. Ndinamva pulinta ikulira kuno, ndi inu mukuseka ndi ahedi. Mawu ndinali nawo. Ndikanaitana, alamu akanamva."

"Nanga bwanji simunaitane, alamu?" anafunsa mayi.

"Ndinati ndikaitana ahedi amva. Ndipo akamva, mchimwene wanga apezeka wabodza pamaso pa kasitomala wamkulu. Ndinati ndidikire achoke kaye."

Bambo anakhala pansi pasimenti pomwepo, mutu uli pakati pa mawondo. Injiniya anatembenukira kukhoma.

"Zaka zonsezi ndinkakhala pazenera apo osadziwa kuti ndine chinthu chobisa," anapitiriza Azakhali, mawu ali phee. "Ndinkagwa, ndinkadzuka, ndinkasesa siketi n'kupitiriza ntchito. Ndinkati matenda ndi matenda. Tsopano ndadziwa mmene ndimaonekera. Ndikakhala apo, aliyense wolowa ndizimuyang'ana pakamwa, kuona ngati akufuna mpango. Zala sizingayende choncho. Munandisamutsa tsiku limodzi, koma kubwerera sikuli ngati kunyamula tebulo."

"Azakhali, chonde," anatero Injiniya.

"Iwe Injiniya, usalire, unagwira ntchito imene unatumidwa, ndipo unakhoza. Katenge kabokosi kako."

"Sindingathe."

"Katenge. Mayeso ena a ahedi sindinawatayipe, ana a eni ake akudikira. Ndikatayipira kuseri."

Anachonderera onse atatu, aliyense ndi mawu ake. Azakhali anangodzuka pabenchi, nayenda pang'onopang'ono pakolido atagwira khoma. Mayi anawatsatira ndi kampando kawo ka kukhitchini, kuti azikakhala nawo. Panalibenso chochita. Bambo anagwira mbali imodzi ya tebulo, Injiniya mbali inayo, ndipo analibweza kumene linachokera, osayang'anana.

Kenako mtsikanayo anatsegula dirowa. Anatola chingwe chachifupi chija, chimene anachizula ponyamula kompyuta, nachilowetsa m'kabokosi, nalumikiza kumagetsi. Mumtima ankapempha kuti kavute ngati tsiku loyamba lija, kakane pasiwedi, kataye nambala, kamupatse chifukwa chopitira kuseri kukanena kuti zakanika. Kanyali kanaphethira kawiri n'kukhazikika kobiriwira. Anali atakakonza bwino kwambiri, sikanaiwale kanthu.

Patapita kanthawi mayi anatuluka kukaika madzi pamoto, ndipo chitseko cha kachipinda chinamveka chikutsekedwa cham'kati. Bambo anatsegula shopu. Panalibe kasitomala. Anaima pafupi ndi pulinta manja ali lende, ndipo posakhalitsa inatsokomola n'kuyamba kutulutsa mapepala, limodzi pambuyo pa linzake.

Bambo anaiyang'ana ikulira. Kenako anaisiya, nayenda kolido yonse mpaka kumapeto. Anakweza dzanja kuti agogode, nalitsitsanso. Anagunditsa khutu pachitseko, n'kuima pomwepo akumvetsera zala.